Chaka Chimene Ndiwo Zinasowa Mchere

Mawu anga amapita patali. Ndikaitana munthu ndili m'chigafa changa cha fodya, a kutsidya kwa dambo amavomera, kuyesa ndikuitana iwo. Pamaliro akafuna wolengeza safunafuna chinkuzamawu, amangoti kaitaneni mkulu uja. Sukulu ndinalekezera sitandade thuu, koma m'mapiri athu ano a kufupi ndi Kasakula palibe anandiposapo kusankha fodya, ndipo palibe anandigonjetsapo pa mkangano. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kukula kwa pakamwa pamene panalakwira akazi anga.

Zinayamba ndi nkhwani. Inali nthawi yosankha fodya, fumbi lake lili m'mphuno ndi pakhosi, ndipo ndinabwera kunyumba masana njala itandigwira zolimba. Ndinatema mbamu, kusunsa, kuponya m'kamwa. Ndiwo zopanda mchere ngakhale pang'ono.

"Mayi, mchere watha?"

"Ulipo."

"Nanga chavuta n'chiyani?"

"Ndaiwala. Thirani nokha, uwo uli m'kachitinimo."

Zaka zoposa makumi anayi tili limodzi, ana asanu ndi mmodzi tinalera, ndipo munthu ameneyu anali asanaiwalepo mchere. Dzanja lawo linali sikelo. Pa maukwati ndi pa misonkhano ya mpingo, amayi anzawo akaphika nyemba mumphika waukulu ankaitana iwo kuti adzathire, ine n'kumayenda monyada ngati wathira ndine. Ndiye lero aiwala? Mawa lake nyemba, chimodzimodzi. Mkuja wake mpiru. Tsiku lachinayi anabwera kuchigafa, anaima chapatali, manja atabisa m'chitenje.

"Bambo, tabwerani mundithirire mchere mumphikamu."

"Ine? Kukhitchini? Dzanja lanu lathyoka?"

"Tangobwerani."

Ndinapita, ndinathira, uku ndikung'ung'udza. Koma pobwerera kuchigafa, ndili pakati pa njira, miyendo inaima yokha.

Inu amene mwakulira m'tauni mwina simudziwa. Makolo anatisiyira mwambo wakuti mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina nayenso sathira, chifukwa akathira amadula a m'nyumba mwake: munthu amayamba kutsokomola, miyendo kutupa, kuwonda, mapeto ake kumanda. Mdulo ndi umenewo. Ife ndife a mpingo, ndipo Lamulungu timati za mdulo n'zachikale. Koma Lolemba likafika, palibe nyumba m'mudzi muno imene imaseweretsa mchere. Tsono akazi anga za kumwezi anasiya kalekale, mwana wathu womaliza asanakwatiwe n'komwe. Chinatsala n'chiyani? Ganizani nokha. Ine ndinaganiza ndili chiimire panjirapo, ndipo yankho linatuluka limodzi.

Kuyambira tsiku limenelo sindinakhalenso pansi bwino. Ndikati ndisankhe fodya, tsamba labwino ndinkaliponya pa mulu wa loipa, ine munthu wosankha fodya ngakhale nditatsinzina. Ndikhale pakhonde, pakhonde sipakukhalika. Ndipite kumunda, munda ukundibweza. Amuna onse a m'mudzi ndinawaika pa mzere m'mutu mwanga. Wokonza njinga wa pamphambano uja, bwanji amawapatsa moni wautali? Mkulu woyambitsa nyimbo kutchalitchi, paja mkazi wake anamwalira chaka chatha. Ngakhale wogulitsa kachewere, wopanda dzino ndi limodzi lomwe, ndinamuyang'ana ndi diso lofiira mpaka anandifunsa ngati ndadwala malungo.

Ndipo munthu ukafuna umboni, umboni umabwera wokha. Kale akazi anga kumjigo ankapita kawiri pa tsiku. Tsopano kasanu, nthawi zina kasanu ndi kawiri. Madzi onsewo akupita kuti? Tsiku lina ndinawatsata. Ndinabisala m'tsekera, munthu wa imvi ngati ine, nyerere zikundiluma mu akakolo. Ndinaona chiyani? Anatsuka ndowa, kutunga, kuyang'ana madziwo, kutaya. Kutsukanso, kutunga, kutaya. Kenaka kusamba m'manja, chala chimodzichimodzi, milomo ikugwedera ngati akuwerenga. Mwamuna sanabwere. Ndinabwerera kunyumba ndikuti wandiona ameneyo, wathawa.

China chinali mafunso. Fumbi la fodya limanditsokomoletsa chaka ndi chaka, aliyense amadziwa. Koma chaka chimenecho ndikangoti kho, iwo afika kale. Pachifuwa pakupweteka? M'malovu mulibe magazi? Tandionetsani miyendo. Ankagwada n'kudina mwendo wanga ndi chala kuti aone ngati ndatupa. Ine mumtima ndimvekere, ehe, akudziwa chimene achita, akufuna aone ngati mdulo wandigwira kale.

Ndinapirira masabata atatu. Kwa ine chimenecho n'chaka. Loweruka lina dzuwa likupendeka anandiitananso kuti ndikathire mchere, ndipo mtima unandithawa. Ndinaima pabwalo, osati m'nyumba ayi, pabwalo, n'kufunsa ndi mawu anga onse a pamaliro aja kuti mwamunayo ndani. Ndinatchula wa njinga, ndinatchula wa nyimbo. Nkhuku zinabalalika. Amayi ochokera kuchigayo anaima panjira matumba ali pamutu. Akazi anga anakhala pansi pafupi ndi nkhokwe, manja ali m'chitenje, akuyang'ana dothi.

Nkhani yotere imapita kwa ankhoswe. Nkhoswe ya akazi anga ndi mlongo wawo wamkulu, mlamu wanga wa kufupi ndi Malomo, munthu wa nthabwala amene takhala tikunyozana naye kuyambira tili anyamata. Anafika pa njinga Lachiwiri. Tinakhala atatu pakhonde, anamva mbali yanga yonse, ndipo anaseka mpaka chipewa chinagwa.

"Alamu, mutuwo ukuyenda? Mlongo wangayu bondo limamukana pokwera chulu, ndiye akwanitse kuthamangira wa njinga?"

"Musaseke, alamu. Mchere sunama."

"Mchere sunama, koma wodya mchere amanama. Kapena mwayenda ndinu, ndiye mwayambiratu kukuwa kuti tisakufunseni?"

Ndinadzuka kuti ndimuyankhe, koma iye anali atasiya kale kuseka. Ankayang'ana pa miyendo ya mlongo wake, pamene chitenje chinali chitasuntha.

"Achemwali, tatulutsani manjawo."

Mwezi wathunthu ndinali ndisanawaone bwino manja amenewo, ine amene ndinkati ndikuona zonse. Anali ong'aluka ngati dothi la m'dambo mu Okutobala, m'mipata ya zala muli timagazi touma. Apo m'pamene analankhula, motsitsa mawu, mpaka ndinachita kuwerama kuti ndimve.

"Sindinayende ndi munthu, achimwene, Mulungu akudziwa. Koma paja mdzukulu wathu atabwera pa Khirisimasi anadwala chifuwa atadya ndiwo zanga. Anachira, ndikudziwa kuti anachira. Koma kuyambira pamenepo ndikangotapa mchere, m'mutu mumabwera ganizo lakuti dzanja lakoli n'lodetsedwa, uwadula, uwapha abambowa. Ndimadziwa kuti n'zopanda nzeru. Ndimadziuza kuti palibe chimene ndalakwa. Ganizolo limati, watsimikiza bwanji? Mwina unalakwa n'kuiwala. Mwina unakhudzana ndi munthu mu minibasi. Ndalimbana nalo miyezi itatu, kenaka landigonjetsa. Ndikasamba m'manja limakhala chete pang'ono. Ndikangopukuta, labweranso."

"Nanga osandiuza bwanji?" ndinafunsa, ndipo ngakhale pamenepo mawu anatuluka okweza.

"Ndikanakuuzani kuti m'mutu mwanga mumabwera zoti ndikukuphani, mukanati chiyani? Mukanati ndine mfiti."

Ndipo ndikanaterodi.

Manyazi anandisandutsa mwamuna wabwino, ndipo apa m'pamene ndinalakwa kachiwiri. Ndinati mchere ndizithira ine tsiku lililonse, aseke amene akufuna kuseka. Akafunsa za chifuwa ndinkayankha mokoma, kakhumi ngakhale kupitirira: ndili bwino mayi, onani miyendo, dinani, dinaninso. Madzi ndinkawatungira pa njinga, zigubu ziwiri. Ndinkayesa ndikuzimitsa moto, osadziwa kuti ndikusonkhezera. Pofika Julaye sankakhudzanso ngakhale kachitini ka mchere kaja. Kenaka anasiya kupakula. Kenaka mbale yanga ankaitsuka kanayi n'kundiuza kuti ndikaitenge ndekha pa thandala. Amayi a kumpingo anabwera kudzapemphera nawo, ndipo mtima wawo unakhalako pansi, koma alendowo atangokhota pa nkhokwe iwo anathamangira kubeseni. Anawonda. Kutchalitchi anasiya kupita, kuopa moni wa m'manja, komanso, ndinene zoona, kuopa maso a anthu amene anamva kukuwa kwanga. Ine ndinkangozungulira, kulowa, kutuluka, kukalipira mbuzi zosalakwa.

Mwana wathu wachiwiri, wamkazi, ndi mphunzitsi kufupi ndi Mtengowanthenga ku Dowa. Atabwera pa tchuthi n'kuona mayi ake, ine sanandipatse ngakhale moni wokwanira.

"Ababa, mwakhala mukudikira chiyani? Awa ndi matenda."

"Matenda anji osatentha thupi?"

"Matenda a maganizo."

"Mayi ako si amisala!"

"Watchula misala ndani? Tsitsani mawu. Mawa tikukwera minibasi."

Ulendo wonse akazi anga anakhala atapisa manja m'khwapa kuti asakhudze munthu. Kuchipatala cha kufupi ndi kumene mwanayo amaphunzitsa tinapeza dokotala woona za matenda a maganizo, mayi wamng'ono, msinkhu wa mwana wanga womaliza. Ndinayamba kufotokoza ine, kuyambira pa nkhwani paja.

"Bambo, odwala ndinu?"

"Ayi."

"Ndiye tiyeni timve kwa eni ake."

Chibadwire palibe ananditsekapo pakamwa chotero. Dokotalayo anawafunsa akazi anga mafunso ambiri, modekha, ndipo pomaliza anati matendawa akuwadziwa, ali ndi dzina, ndipo amene amadwala si iwo okha. Dzina lake la Chingerezi linanditayika tisanatuluke pageti. Koma tanthauzo ndinaligwira. Anati matendawa amayenda ndi miyendo iwiri. Woyamba ndi ganizo loopsa lobwera lokha, losaitanidwa, limene mwini wake amadana nalo. Wachiwiri ndi chimene munthu amachita mobwerezabwereza kuti mantha atsike, monga kusamba, kufunsa, kupewa. Mantha amatsikadi, koma kwa kanthawi, ndipo ganizo limaphunzira kuti likagogoda amalitsegulira. Ndiye limagogoda kwambiri. Ena limawagwira pa chitseko, kubwerera kakhumi kukaona ngati akhoma. Ena pa pemphero, kuyambiranso nthawi iliyonse akaona ngati alakwitsa liwu. Anati matendawa amakagwira pa chimene munthu amachikonda ndi kuchiopa. Kwa akazi anga anapeza mchere, ndi ine.

"Ndiye si ufiti? Si tchimo lobisika?" ndinafunsa.

"Ayi. Maganizo achilendo amafikira aliyense. Inu bambo, simunakhalepo m'tchalitchi, anthu onse atatsinzina, n'kukubwererani ganizo loti bwanji nditatukwana mokweza pompano?"

Ndinayang'ana akazi anga, ndinayang'ana mwana wanga. Ndinati kamodzi, kapena kawiri. Akazi anga anaseka, koyamba m'miyezi yonseyo, kaseko kakang'ono kobisa m'chitenje.

"Mwaonatu," anatero dokotalayo. "Kwa inu limadutsa n'kupita. Kwa amayiwa limakakamira. Kusiyana kwake n'komweko."

Anapereka mapiritsi oti azimwa tsiku lililonse, n'kuchenjeza kuti si a mutu, oti wamwa wachira. Amatenga masabata angapo, mwina miyezi iwiri, ntchito yake isanaoneke, ndipo asadzasiye okha akadzaona kuti apezako bwino. Koma anati mapiritsi ndi theka chabe. Theka linalo ndi kuyandikira chimene akuchiopa pang'onopang'ono, n'kukana kuchita chimene mantha akulamula, mpaka thupi liphunzire lokha kuti mantha amakwera n'kutsika popanda sopo. Anakonza nawo masitepe, kuyambira chophweka, eni akewo akuvomera sitepe iliyonse. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Inu ntchito zanu ndi ziwiri. Tikafika pa sitepe yake, mchere musiya kuthira. Ndipo akakufunsani za chifuwa ndi miyendo, musayankhe."

"Ndisayankhe? Akazi anga akundifunsa?"

"Mungonena kamodzi kuti limenelo ndi funso la matenda. Basi. Kenaka khalani nawo pafupi, koma chete. Yankho lanu lokoma lija ndi chakudya cha matendawa."

Mlamu wanga atamva zimenezi anaomba m'manja. "Mlongo wanga achira," anatero, "koma alamu chete ameneyu awapha."

Anatsala pang'ono kulondola. Sabata yoyamba ntchito inali kugwira kachitini ka mchere n'kukhala osasamba m'manja mpaka mthunzi wa nkhokwe ufike pa mwala umene tinaika pabwalo. Ndinawaona akazi anga thukuta likutsika kunja kukuzizira, maso ali pa beseni. Ine ndinkazungulira bwalo ngati galu wosowa pogona. Pakamwa pankayabwa. Mawu anayi okha, mayi musaope ndili bwino, akanawapumitsa pomwepo, ndipo ndinali nawo, ndipo sindinaloledwe kuwatulutsa. Ndasenzapo mabelo a fodya, koma katundu wolemera ngati mthunzi uja sindinamuonepo. Unkayenda ngati waledzera. Utafika pa mwala, akazi anga anapumira m'mwamba n'kunena modabwa kuti mantha aja anali atayamba kale kutsika okha.

Kenaka kunali kuthira m'mbale yawo yokha. Kenaka m'mbale yanga. Masiku ena tinkabwerera m'mbuyo. Tsiku lina anandigwira malaya akulira kuti ndingowauza kamodzi kokha kuti sindifa, ndipo ndinawauza, kasanu. Mwezi wotsatira kuchipatala ndinaulula ndekha. Dokotala sanandikalipire, anangoti tidzukire pomwe tagwerapo. Mvula yoyamba ikugwa, ming'alu ya m'manja inali itatsekeka. Pa Khirisimasi anathira mumphika.

Pakamwa pangapa ndinapapezeranso ntchito imodzi. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi ndinaima pabwalo n'kunena, mokweza monga ndinakuwira tsiku lija, kuti akazi anga ndinawanamizira. Wa njinga ndi wa nyimbo ndinawapepesa pamaso pa anthu. Wa njinga anati wakhululuka, koma tayala langa likaphulika ndizikamata ndekha. Za matendawo sindinanene tsiku limenelo, poti n'za eni ake. Ndalemba pano atandilola, ndipo anati ndisaiwale kulemba za nyerere zija.

Koma mayeso enieni ankadikira fodya. Dokotala anali atanena kuti ganizolo mwina silidzatheratu, lizibwerabe nthawi zina kudzagogoda, ndipo miyezi yonseyi ine ndinali ndisanatsokomole. Nthawi yosankha itakwananso, ndinabwera masana fumbi lili pakhosi. Ndiwo zinali nkhwani. Ndinaimirira pakhomo pa khitchini, ndinawaona akazi anga akutapa mchere ndi zala zitatu monga kale, n'kuwaza, n'kutakasa. Poti ana anachoka onse, timadyera limodzi pamphasa. Tinasamba m'manja, kamodzi. Ndinatema mbamu, ndinameza, ndipo chifuwa chinandipereka. Ndinayesa kuchibweza mpaka misozi kulengeza, koma chinaphulika. Kho, kho, kho.

Dzanja lawo linaima m'malere, mbamu ili m'zala. Maso anatsikira ku miyendo yanga. Milomo inatseguka, ndipo funso lija ndinaliona likubwera. Nane yankho linali litafika kale pammero, lalikulu, loti likamveke kutsidya kwa dambo. Ndinaliluma ndi mano. Tinayang'anana. Nkhuku inadutsa pafupi ndi mphasa, palibe anaiingitsa. Ndinawerenga mumtima mpaka pamene masamu anga amathera, n'kuyambiranso.

Anaika mbamu ija m'kamwa. Anatafuna, anameza, anatemanso ina.

"Mchere wakolera?" anafunsa.

Ndinawayang'anitsitsa. "Limenelo ndi funso la matenda, kapena la wophika?"

"La wophika."

"Wachuluka pang'ono."

"Lilime lanu lakalamba. Miyezi yonse ija munkadya zothira nokha, mwaiwala kukoma kwa ndiwo."

Ndinakankhira mbale yanga kwa iwo kuti awonjezere nkhwani.